Chala Changa ndi Mpopi wa M'wodi ya Amayi

Zinayamba ndi munga wa kampango. Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ndikutola nsomba m'dengu kuti ndikawambe. Munga unandibaya chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Ndinafinya magazi, n'kuthirapo mchere, n'kupitiriza ntchito. Ndakulira pa malonda a nsomba, minga yandibaya kosawerengeka, ndiye sindinaone chachilendo.

Lachinayi chala chinatupa. Lachisanu thupi linatentha, mwanabere n'kutuluka m'khwapa. Kuchipatala sindinapite, poti nsomba zanga zikanaola. Ndinapita Lolemba, kutupa kutafika pa mkono. Kuchedwa kumeneko ndi kwanga, sindikankhira munthu.

Chipatala chathu n'chaching'ono, cha kum'mawa kwa nyanja, ndipo ine ndine membala wa komiti yake, yoimira anthu a m'midzi. Ndinali nditakhalamo zaka zitatu. Ntchito yathu tinkaidziwa motere: miyezi itatu iliyonse a tcheyamani athu, Che Amidu, ankatumiza uthenga woti tikubwera. Tinkatchena, kulandiridwa ku ofesi, kumwa tiyi, kuzungulira mawodi kumbuyo kwa adokotala tikupereka moni kwa odwala, n'kusaina m'buku kuti zonse zili bwino. Tinkadziona ngati alendo, ndipo mlendo sasuzumira kuchipinda kwa mwini nyumba.

Adokotala anang'amba chalacho, kuchotsa mafinya, n'kundigoneka m'wodi ya amayi. Mabala ankatsuka m'mawa uliwonse. Namwino anali mmodzi yekha, mtsikana wakhama, akuyenda bedi ndi bedi ndi kathebulo kake. Tsiku lachiwiri ndinamuona akuchoka pa mayi wina wa chilonda chonunkha cha pamwendo, n'kubwera kwa ine ndi magolovesi omwewo. Ndinayang'ana pa sinki. Mpopi unali wouma, ndipo ndowa ya madzi imene ndinkaiona pa maulendo athu a komiti panalibe. Ndinakhala chete poopa kuoneka wamwano. Tsiku lachitatu ndinakhalanso chete.

Tsiku lachinayi bala linayamba kutulutsa mafinya obiriwira, nsonga ya chala n'kuda. Sindine dokotala kuti ndilumbire kumene matendawo anachokera, mwina kuchedwa kwanga kunathandizira. Koma m'mawa womwewo namwino atafika, ndinabisa dzanja m'chitenje.

"Simundigwira mpaka musambe m'manja ndi kusintha magolovesi," ndinatero.

Sanakwiye. "Amayi, pampu ya madzi inafa mvula isanathe. Magolovesi amandipatsa ochepa a tsiku lonse. Inu a komiti mukamabwera timatunga madzi dzulo lake, chifukwa mumatiuziratu."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa bala. Ndinachita manyazi, kenako ndinapsa mtima, ndipo mtimawo sunazizire mpaka lero. Ndinatuma mng'ono wanga, amene ankandidikirira, kuti akatunge madzi pa mjigo ndi kugula sopo. Magadiyani ena ataona anayamba kusinthana kutunga.

Chala sichinapulumuke. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, komwe ndinadikira masiku awiri pa mzere wa opareshoni, ndipo anachidula kuti matenda asakwere. Ndinagonako masabata atatu. Alhamdulillah, dzanja linatsala.

Nditachira, kunabwera mayi wina kudzaphunzitsa komiti yathu za kuyang'anira chitetezo cha odwala. Anati ntchito yathu si kulemba mankhwala koma kufunsa. Kodi madzi alipo? Mabala angati aola mwezi uno? Cholakwika chikachitika chimanenedwa kwa ndani, nanga chinakonzedwa? Che Amidu anapukusa mutu.

"Ife kusukulu ya udokotala sitinapiteko," anatero. "Tikayamba kufufuzafufuza tiwanyozetsa anthu ophunzirawa, atithawira m'tauni. Tidzatsala ndi ndani?"

Mantha awowo ndi enieni, kuno anamwino sakhalitsa. Komabe ndinaika dzanja langa pathebulo, pakati pa makapu a tiyi.

"Che Amidu, kutsegula mpopi sikulira satifiketi. Ndinasaina kuti zonse zili bwino ndi dzanja lomweli, zala zili zisanu. Namwino uja sitinamulemekeze ayi, tinamusiya yekha."

Ndinawauza kuti buku limenelo sindisainanso ndisanatsegule mpopi uliwonse ndekha, ndipo ngati zawaipira andichotse m'komiti. Ena anati ndayamba matama, ena anati ndikufuna mpando wa utcheyamani. Anene, pakamwa ndi pawo.

Pampu inakonzedwa titalemba kalata katatu. Tsopano timapita awiriawiri osanena tsiku, ndipo timayamba ndi kufunsa namwino chimene chikumusowa, kenako odwala. Magolovesi amaperewerabe miyezi ina, koma tsopano timadziwa ndipo timavutitsa oyenera kuvutitsidwa. Che Amidu nawonso amapita, ngakhale mpaka lero amayamba ndi kupepesa pakhomo.

Ine ndili bwino. Ndinabwerera ku malonda anga, ndimagwira mpeni ndi zala zinayi, ndipo kumanga mpango kunanditengera miyezi kuti ndizolowere. Kukazizira chitsacho chimawawa. Anzanga a m'mbali mwa nyanja, bala likayamba kutupa pitani kuchipatala tsiku lomwelo, nsomba mudzagula zina. Ndipo mukagona pa bedi n'kuona chimene sichikuyenda, nenani pomwepo, musadikire mawa. Ine ndinakhala chete masiku awiri chifukwa cha ulemu, ndipo onse amene ndinkawaopa kuwakhumudwitsawo zala zawo zilipo zonse.