Suti ya a Laws Idalowa M'chitsime

Ku Chinsapo mukafunsa za a Laws Chirambo, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti "abambo a zitsime aja," ngakhale wogulitsa makala pamsewu akulozerani nyumba. Bambowa adachoka ku Rumphi ali ndi zaka makumi awiri, atanyamula Baibulo ndi khasu la mpini waufupi, ndipo kuyambira pamenepo akhala akuboola nthaka ya Lilongwe mpaka lero. Munthu wake ndi wamfupi, wa mapewa otakata, wosakonda zolankhulalankhula. Lamulungu ndi mkulu wa mpingo, masiku enawa ndi matope okhaokha.

Chaka chatha ntchito idauma. Miyezi itatu yathunthu khasu lidangokhala pakona kuchita dzimbiri, mwini wake n'kumaonda ndi maganizo. Ndiye kudatulukira alamu awo, a Aubrey, amene amagulitsa mafoni ku Kawale. Amenewo pakamwa ndiye adadalitsidwa, angakugulitseni madzi mvula ikugwa.

"Alamu, vuto lanu n'limodzi, simudziwika," adatero a Aubrey. "Masiku ano munthu amayamba wadzigulitsa yekha asanagulitse ntchito yake. Wofuna chitsime safunsanso aneba, amafunsa foni."

Tsiku lomwelo adawatsegulira tsamba pa Fesibuku. Adawaveka suti yakutchalitchi, n'kuwatsamiritsa pa galimoto la eni ake lomwe lidaima panja pa sitolo, n'kuwajambula. Pamwamba adalemba kuti: Injiniya L. Chirambo, Katswiri wa Zamadzi.

"Ine sukulu ndidalekezera Sitandade 7," adadandaula a Laws. "Uinjiniyawo ndautola kuti?"

"Madziwo akamatuluka amakufunsani satifiketi?"

Kudandaulako kudali kwa pakamwa chabe, chifukwa kunena zoona chithunzicho chidawasangalatsa. Zaka zonsezi anthu ankawaona paliwombo pokha, akamasuzumira m'dzenje. Tsono akakhala okha ankatulutsa foni n'kumamuyang'ana bwana wa sutiyo, akumwetulira.

Ndemanga zidabwera, eee, zambirimbiri! Wina adalemba kuti, "Mwatchena, bwana!" Wina adapempha ntchito ya usekilitale. Mayi wina wa ku Mtandire adawayesa mneneri, n'kupempha kuti amupempherere mwendo. Koma wofuna chitsime, olo mmodzi. Akazi a Laws, a Keziah, ankangoseka. "Bambo a Sungeni, galimoto lanulo mudzatikwezeko tsiku lina, nafenso tikaone m'tauni."

Sabata yachinayi foni idalira. Adali mayi Zulaikha Mdala, oweta nkhuku ku Chigwirizano, ndipo ankafuna zitsime zitatu. Zitatu! Imeneyo idali ntchito yoti ikadawafikitsa mpaka mvula yoyamba, ndipo panalibenso ina yomwe ankayembekezera. M'mawa mwake a Laws adavala suti ija, a Aubrey n'kutsagana nawo atavala malaya oyera, ati iwo ndi manijala.

Adakawapeza mayi Mdala ali pakati pa makola, atamanga chitenje m'chiuno. Mayiwo adawayang'ana a Laws kuyambira kutayi mpaka kunsapato, kenako adapukusa mutu.

"Pepani, bambo, mwavutika chabe. Ine ndikufuna wokumba, osati bwana wotuma anyamata. Winanso adabwera chonchi, tayi mpaka pamchombo. Dzenje lake ndi ilo, mulibe ndi dontho lomwe, mwini wake foni adazimitsa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pitani bwino."

A Aubrey adayamba kufotokoza za ukatswiri, koma mayiwo adali atatembenuka kale. A Laws adachita manyazi kwambiri. Kwa zaka zonse za matope palibe adawakanapo ntchito, lero akuwakana atasamba. Mtima udawawawa, ndipo m'maganizo adaona kale khasu lija likupitiriza kuchita dzimbiri.

Koma sadachoke. Adangopita padzenje lija n'kusuzumira. Wothawayo adasiya khasu lake pansi, ndowa ndi chingwe zili pambali. A Laws adavula jekete ndi nsapato, n'kuwapatsira alamu awo, n'kuyamba kutsika akuponda m'timaenje ta m'mbali, tayi ili lendelende. Atafika pansi adatapa dothi, kulifinya m'manja, kulinunkhiza.

"Mayi!" adafuula. "Munthu uja adathawa madzi ali pakhomo. Patsala mikono iwiri yokha. Alamu, tsitsani ndowa!"

"Ine?" adafunsa a Aubrey.

"Nanga si ndinu manijala?"

Abale inu, tsiku limenelo a Aubrey adaidziwa ntchito. Adakoka ndowa ya dothi mpaka malaya oyera aja adasanduka ofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu adawathera. Mayi Mdala adabwerera, adaima m'mphepete, kuseka mpaka misozi, n'kutulutsa foni kuyamba kujambula. Dzuwa likupendeka, ndowa idatuluka ndi matope. Yotsatira idatuluka ikudontha. Kenako pansi padamveka mawu a munthu akuimba nyimbo yakutchalitchi m'Chitumbuka, madzi ali m'akakolo.

"Tulukani, bambo, tikambirane," adatero mayi Mdala. "Zitatu zonse n'zanu. Koma mawa sutiyo muisiye kunyumba."

Kunyumbako a Keziah adagwira pakamwa ataona buluku. "Mayo ine! Nanga Lamulungu mukawerenga Mawu mutavala chiyani?" Koma atamva za zitsime zitatu adalulutira, n'kukaviika bulukulo m'beseni.

Kanema uja mayi Mdala adamuponya pa gulu la oweta nkhuku pa Watsapu, atalemba kuti, "Uyu ndiye amalowa yekha." Oweta nkhuku adatumizira omanga nyumba, omanga nyumba adatumizira azibale awo, ndipo sabata isanathe foni ya a Laws idayamba kutentha. Iwo adapita okha ku Kawale kukawauza alamu awo kuti afufute uinjiniya uja pamodzi ndi galimoto lomwe. Tsambalo tsopano limangoti: Laws wa Zitsime, Chinsapo. Chitsime chilichonse akamaliza amajambula ndowa yoyamba ya madzi ndi mwini chitsimeyo, n'kulemba dera ndi kuya kwake, basi. A Aubrey mpaka pano amauza aliyense pa Kawale kuti nzeru yonseyo idali yawo.

Lachiwiri lapitali a Laws adali ku Area 25, mikono khumi pansi pa nthaka, foni ili m'kajumbo m'thumba. Idalira, iwo adapukutira manja pamalaya n'kuyankha.

"Halo," adatero mayi wina mokayikira. "Kodi ndikulankhula ndi abambo amatope aja, olowa m'dzenje?"

A Laws adaseka, chifuwa chili tutumu.

"Ndine amene, mayi. Ingokwezani mawu pang'ono, ndili pansi."