Nsalu ya Kukamwa kwa Paipi

Ndikamva fungo la dizilo m'chifunga cha m'mawa, ndimaona a Gondwe, oyandikana nafe nyumba ku Chibavi, atagona chagada pansi pa pikiapu yawo yakale, masipanala akugwa pa simenti, iwo akudziyankhulira okha m'Chitumbuka. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. Kupatula ine, kamtsikana kosamva ka zaka khumi, palibe ankapondako pakhomo pawo.

Ankafuna chinthu chimodzi: kubwerera kwawo ku Khondowe pa galimoto yawoyawo, akafere komweko. Koma chigalimotocho chikangoona chitunda chinkapuma wefuwefu. Ndiye anazula tebo m'lole ina yogubuduzika, kachitsulo konga nkhono kokankhira mpweya mu injini, n'kuikamo.

"Tebo ndi yadyera, mwana wane," ankatero. "Ukaimana mpweya, ikomoka. Ukaipatsa fumbi, ifa."

Anaika chipaipi chachikulu chokokera mpweya, ndipo poti sefa yake inali isanapezeke, anamanga chiguduli kukamwa kwa paipiyo.

Tsiku lina iwo atapita kumsika, ndinaona kuti chiguduli chija chang'ambika. Ine ndi nzeru zanga zoperewera ndinakasolola chidutswa cha nsalu yakale ya chipani m'dengu la amayi, n'kumangapo ndi mphira, n'kutseka boneti. Ndinkati ndidzawauza tikabwerako koyesa galimoto, andiyamikire.

Masana anandikweza kukaiyesa. Abale inu! Tebo inaimba mluzu, galimoto inakwera chitunda ngati palibe kanthu, ndipo titaima pa golosale anthu anathamangira kudzaona. Aka kanali koyamba kuwaona a Gondwe atazunguliridwa ndi anthu, akuseka mano onse poyera.

"Yewo, yewo chomene!" anatero a Gondwe pothokoza, n'kutsegula boneti kuti aliyense aone.

Nsalu ija inali itayamwidwira m'paipi, ndipo nkhope ya mtsogoleri wa dziko yomwe inali pansaluyo, yomwe inkapachikidwa m'sitolo iliyonse, inali itakwinyika, ili bii ndi fumbi ndi oilo.

"Wachita izi ndani?" anafunsa mnyamata wina wa chipani, wa malaya ofiira.

A Gondwe anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndine. Maso anga anatha awa. Iwe mwana, thamanga, amako akukufuna."

Ndinathamangadi.

A chipani anawatenga tsiku lomwelo. Pikiapu anaikankhira kuseri kwa golosale, udzu n'kumera m'matayala. Patapita zaka tinamva kuti anawatulutsa akudwala, anakamwalirira kwa mphwawo ku Lupaso. Ku Khondowe sanafikeko.

Amayi anamwalira osadziwa kalikonse, chifukwa sindinauze munthu. Lero ndili ndi zidzukulu, ndipo anthu amati ndine mayi wosaopa, wolankhula chilungamo pamaso. Ndikamva choncho mtima umandipweteka. Tsiku limodzi lomwe pakamwa panga panafunika ndinathawa, ndipo mawu awiri aja, "ndamanga ndine," ndikadali nawo m'kamwa.