Ziphuphu Zinandibisa M'bafa

Achemwali ankandiuza kuti, "Iwe, ziphuphu safinya, zimafalikira. Uzingosamba ndi sopo, thaulo likhale lakolako." Sindinamvere.

Tsiku limene Yusufu, mnyamata amene ankandifuna, anabwera kudzatsanzika popita ku Mozambiki, n'kuti nditazifinya zonse n'kupakapo mankhwala otsukira mano. Nkhope inatupa ngati andiluma mavu. Ndinathawira m'bafa, n'kuwapempha achemwali kuti akamuuze kuti ndapita ku Balaka.

"Iyayi, ndimudikira," anatero Yusufu.

Anakhala pakhonde, ine ndikumusuzumira pampata wa udzu, mpaka sitima yopita ku Nayuchi inalira. Ananyamuka akucheukacheuka.

Nkhope inapola sabata isanathe. Iye anakwatira komweko. Mpaka lero ndimalakalaka ndikanangotuluka ndi nkhope yotupayo, andiseke ngati n'kundiseka, koma tigwirane chanza.