Buku Lakale la Kusikelo

Mayi uja wosoka mayunifomu kuseri kwa msika sapsa mtima msanga, koma mwezi umenewo anthu anamuona. Mwana wake woyamba anabadwa pa opaleshoni, ndipo iye anatha miyezi itatu osaponda makina, makasitomala n'kuthawira kwa atelala ena. Zaka zinayi zitadutsa anaimanso, ndipo za mpeni sankafuna n'kuzimva komwe.

"Kubereka nokha n'kotheka, amayi," anatero anesi kusikelo, "koma tione kaye buku lanu lakale. Tidziwe ngati chiberekero anachicheka chopingasa kapena choimirira. Chipsera chapamimbachi sichitiuza zam'kati. Popanda buku, ndi opaleshoni basi."

Buku! Mayi wosunga ngakhale kansanza kotsala pa kolala, buku lachipatala lokha n'kusowa! Anakhuthula masutikesi, anagudubuza matiresi ndi chimimba chakecho, anakakumba mpaka m'makatoni a apongozi. Amuna ake, munthu wofatsa mpaka kunyansa, ankangomutsatira pambuyo akuti, "Lipezeka, mayi a mwana, musadzipweteke."

Sabata yachinayi, mayiyo akusoka siketi, amunawo anaima pakhomo la shopu n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Kodi bukulo ndi lachikasu?"

"Eya. Bwanji?"

Anangoloza pansi. Mwendo umodzi wa makina unali waufupi, ndiye chaka chathachi bambowo, pofuna kuthandiza, anapinda kabuku kena n'kuchirikiza. Mwezi wonse mayiyo ankalira buku ali kuligwedeza ndi phazi lake lomwe. Mokwiya anangoti, "Nyamulani makinawo."

Linatuluka lophwatalala, lonona mafuta. Atapita nalo kusikelo, anesi anamatula masamba ndi chikhadabo, n'kulozetsa tsamba limodzi kuwindo.

"Chopingasa, m'munsi. Mutha kuyesa. Koma kuchipatala chachikulu, ndipo matenda akangoyamba mubwere, osati kumaliza kaye mpendero. Zikakanika, tichekabe."

"Ndiye mwezi wonse ndavutikira kuyesa chabe?"

"Eya, amayi. Ena ngakhale kuyesako sapatsidwa."

Mayiyo anatuluka misozi ili lengelenge, wosangalala pang'ono, wamantha kwambiri. Ali panja amuna ake anatambasula dzanja.

"Bweretsani ndikusungireni."

Mayiyo analowetsa bukulo m'kamisolo, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Mukangolikhudzanso, bambo a mwana, akabereke ndinu."