Phala Pakati pa Osala Kudya

Chaka chimene ndinkayamwitsa mwana wanga woyamba, mpingo wathu wa ku Chawama unalowa m'kusala kudya kwa kumayambiriro a chaka. Abusa analengeza ali paguwa kuti aliyense asadye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litalowa. Anati aliyense. Ine ndinali kumbuyo, mwana ali kubere, ndipo ndinavomera ameni pamodzi ndi anzanga.

Sikuti sindinkadziwa. Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi wa ana a mkaka, ndipo kukoleji tinaphunzira kuti woyamwitsa ayenera kudya. Koma kwathu mawu a abusa sabwezedwa. Ndinalinso ndi mantha anga. Mwanayu anabwera nditapita padera, ndipo amene anatipempherera ndi abusa omwewa. Ndinkaona ngati ndikafunsa, Mulungu adzati uyu ndamupatsa mwana koma akukana kanthu kochepa. Ndinkaopa kuti amutenga.

Madzulo ndinkangolawa, mtima uli m'mwamba. Mkaka unayamba kuchepa. Mwana ankakoka bere, kulisiya, kulira, kuligwiranso. Bambo ake ankalawirira ku Kamwala kumene amagulitsa m'shopu, ndipo ndinkawauza kuti ndi mano akumera.

Kusikelo anesi anamupachika, anayang'ana, anamupachikanso.

"Ba mayi, mwana abwerera pansi uyu. Mudya imwe?"

"Tili pa fasitingi ku chechi," ndinatero chapansipansi.

"Fasitingi? Manje uyu anabatizika liti kuti asale na imwe?"

Amayi onse pabenchi anaseka. Mmodzi mwa iwo amagulitsa tomato pamsika, pafupi ndi tebulo la akazi a abusa athu, amene timawatcha amayi busa. Nditamuona ndinadziwa kuti nkhani yafika kale.

Mawa lake masana ndinapita kumapemphero, mvula ikuwaza pamalata. Nyimbo ili pakati, abusa anakweza dzanja, ng'oma n'kukhala chete. Anatsika paguwa kulunjika kumbuyo. Ndinati basi, andidzudzula kuti ndachititsa mpingo manyazi kuchipatala. Ndinayamba kutsetsereka pabenchi kuti ndigwade, monga timachitira powapatsa moni.

Anandiyambirira. Munthu wamkulu, wa imvi, anagwada pasimenti yonyowa ndi suti yake.

"Mwana wanga, nalakwa ndine," anatero. "Ninakamba kuti aliyense, osayang'ana kumbuyo kuno kwamene kunkhala bana. Munikhululukire."

Bola akanandikalipira. Sindinadziwe poika maso. Anthu onse anali atatembenuka, ndipo ine wokhala pamwamba, abusa ali pansi.

Amayi busa anafika ndi kontena, n'kutsegula. Phala la nsinjiro, lotentha. Fungo linadzaza tchalitchi cha anthu amene sanalawe kanthu kuyambira m'mawa.

"Nizadyera kunyumba, amayi," ndinawapempha.

"Kunyumba muzatinama. Idyani pamene pano, tione."

Mkulu wina wa mpingo, wamimba yaikulu, anaisisita n'kufuula: "Ba Pasita, naine nili na pakati, ninganyambiteko?" Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Ine ndinadya, misozi ikugwera m'phala, supuni ikukanda kontena mokweza ngati khasu pamwala. Abusa sanadzuke mpaka nditameza kangapo. Kenako anafunsa ngati pali winanso. Bambo wina wa shuga anakweza dzanja, ndi mtsikana wina woyembekezera. Amayi busa anatiuza tigawane.

Potuluka abusa anandiimitsa pakhomo. "Nanga simunanifunse chifukwa chani? Muniyopa? Niyofya so?"

Ndinayang'ana mawondo a buluku lawo, ali ndi matope. Ndinkayesa kukhala chete ndiko kugonjera, pamene iwo ankakhulupirira kuti wovutika awauza. Pakati pa ife awiri, amene anagona ndi njala ndi mwana.

Mkaka unabwerera. Mwezi wotsatira anesi anamupachika kamodzi kokha, nati, "Manje fasitingi inasila?" Ndinangogwedeza mutu.

Pano mwanayo akuyenda, ndipo kutchalitchi amamutcha kamwana ka phala. Chaka chino polengeza kusala, abusa anatchula oyamwitsa, oyembekezera ndi akumwa mankhwala kuti adye, asafunse n'komwe. Mitu inatembenukiranso kumbuyo. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato ya mwana, chonsecho nsapatoyo ndi yomata.