Msilikali Wachiroma wa ku Chimwankhunda

A Vitalis Nyamithambo ndi munthu woti mukakumana nawo pa kanjira kopapatiza mumapatuka nokha musanauzidwe. Ndi aatali, a mapewa otambalala, ndipo zikhatho zawo n'zokakala chifukwa cha malata. Koma ife oyandikana nawo nyumba ku Chimwankhunda timadziwa kuti thupi lonselo n'loopsezera chabe. Nkhuku ya pa Khirisimasi amapha ndi akazi awo, a Idah, eniake atazembera kuseri kwa nyumba.

Anachoka kwawo ku Nsanje ali mnyamata, chaka chomwe tinkavotera zipani zambiri, nadzaphunzira kukhoma malata kwa malume awo ku msika wa Limbe. Mpaka lero ali pomwepo, kukhoma mbaula, ndowa ndi zidebe. Kumsikako palibe amawatchula dzina. Ogula amangoti, "A mbaula, tabwerani kuno."

Dzina lawo linkamveka tsiku limodzi pachaka, Lachisanu Loyera. Ku tchalitchi kwathu Njira ya Mtanda timaichita ngati sewero loyenda mumsewu, ndipo a Vitalis ndiwo anali mkulu wa asilikali achiroma. Chisoti anakhoma okha, cha lata, n'kumangirira tsache lofiira pamwamba pake. Chikoti chinali cha nsanza zoviika mu utoto wofiira, chosapha ngakhale ntchentche, koma akachizunguza n'kukuwa ndi mawu awo aja, azimayi ankalira ndi mtima wonse. Chaka china mayi wina wachikulire anawakwapula ndi ambulera. A Vitalis anafika kunyumba mkono utatupa, akuseka, akuti chaka chimenecho ndiye anasewera bwino.

Mwana anamudikira zaka zambiri, mpaka olongolola anatopa okha. Atabadwa anamutcha Angel, ndipo bambo ndi mwanayo sankasiyana. Akamachokera ku Limbe madzulo, woyamba kuwamva mapazi ankakhala iyeyo.

Chaka chimene Angel anakwanitsa zaka zinayi, a Ella, amene amaphunzitsa ana ang'onoang'ono ku tchalitchi, anabwera ndi nzeru. Anati tiana tisamatsatire Njira ya Mtanda, chifukwa dzuwa, kukuwa ndi utoto wonga magazi zimatiopsa. M'malo mwake tikhale mu holo, tionere filimu ya makatuni ya nkhani ya Pasaka imene anaipeza pa chimbale mtauni. Ena anang'ung'udza kuti Ambuye sajambulidwa ngati chidole. A Vitalis ndiwo anavomera poyamba, nasenza kanema wa kwawo pamutu kukamusiya ku holo.

Ine ndinaonera nawo, poti mwendo wanga sunkandilola kuyenda mtunda, ndipo kunena zoona filimuyo inali yabwino. Bulu ankaphethira mwamanyazi, tinkhosa tikudumphadumpha, ana akuseka mpaka kugubuduzika pa mikeka. Chingerezi chake sankachimva, koma a Ella ankamasulira. Magazi munalibe, pokwapula ankangoonetsa chithunzithunzi pakhoma. Vuto n'lakuti ojambulawo, pobisa mabala, nkhanza zonse anaziunjika pa msilikali mmodzi: chimunthu chachikulu, chisoti cha nthenga zofiira, mawu ngati bingu. Atangotulukira, kuseka kunatha. Angel anakwirira nkhope m'chitenje changa, akusuzumira ndi diso limodzi.

A Ella anazimitsa kanema pamene mwala unatseka manda. Anati zotsalazo ndi za Lamulungu, poti Ambuye sauka Lachisanu.

Nthawi yomweyo ulendo wa mumsewu unali utafika pa tchalitchi. A Vitalis, thukuta lili kamukamu, chimwemwe chitadzaza tsaya, anangoti akatenge mwana wawo. Zovula sanazikumbuke. Anakankha chitseko cha holo, chisoti kumutu, chikoti chofiira kumanja, nafuula, "Angel! Tiye kunyumba!"

Ndaonapo anthu akuthawa utsi wokhetsa misozi mtauni, koma kuthawa kwa ana aja sindidzakuiwala. Anangoti balala, ena kunsi kwa mabenchi, ena kukanirira pa zenera. Angel yekha anauma pamalo amodzi. Pofuna kukonza zinthu, bambo ake anavula chisoti msanga kuti awaone nkhope, ndipo m'pamene anaonongeratu. Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi kamawu kakang'ono.

"Adadi, ndinu munamumenya?"

Kuyambira pamenepo sanafunenso kuwayandikira. Iwo akalowa m'nyumba, iye ankathawira kwathu. Anamugulira maswiti, iye anabisa manja kumbuyo. Loweruka masana ndinawapeza atakhala pakhonde, manja lende, munthu amene sajomba ku msika ngakhale malungo atawagwira.

"Amayi, mwana wanga akundiopa," anatero, n'kuthera pomwepo.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Nkhuyu zodya mwana zinali zitapotadi wamkulu.

A Idah anati kutsutsa galu n'kukumba. Anakaitana a Chrispine, mphunzitsi woonda amene amasewera Yesu, kuti adzaonetse mwanayo msana. Anabwera, navula malaya pabalaza, msana uli see, wopanda ngakhale kabala. Angel anasuzumira ali kumbuyo kwa mayi ake.

"Awa ndi a Chrispine," anatero. "Yesu ali mu kanema, amutsekera ndi mwala."

A Chrispine anavala malaya awo, namwa tiyi, n'kumapita. Ife akulu timati makatuni ndi zoseweretsa, ndiye timasiyira ana n'kumachita zathu. Koma kwa mwana wa zaka zinayi, munthu wamoyo angathe kunamizira, chojambula sichinama.

Pa mpopi nkhani inali itakula kale. Azimayi omwe aja amene amasiyira ana awo mafilimu akarate tsiku lonse ndiwo anali patsogolo kunena a Ella, akuti chimbale chija chitayidwe m'chimbudzi. Zinandinyansa, ndipo ndinawauza. A Vitalis atamva anapukusa mutu.

"Aphunzitsi aja musawanene. Filimu sinalakwe," anatero. "Wolakwa ndine, kulowa pa ana ndi zovala za ntchito."

Lamulungu, Misa itatha, ana ena anamaliza filimu ku holo, koma Angel anakana kuponda pakhomo pake. Choncho chakumadzulo, kanema atabwerera kwawo, a Ella anabwera ndi chimbale chija kunyumba kwa a Vitalis. Angel anakhala pamiyendo pa mayi ake, ine ndi a Ella pampando, a Vitalis ataima pakhomo ngati mlendo. Mwala unagubuduzika. Msilikali uja anagwa chagada, nadzambatuka, n'kuliyatsa liwiro, ndipo Angel anaseka koyamba chichokere Lachisanu. Yesu atatuluka m'manda, mwanayo anaomba m'manja. Tonse tinapumira m'mwamba, poyesa kuti zatha. Koma iye anatembenukira kukhomo.

"Adadi, munathawa osapepesa."

A Ella anaimitsa filimu, nkhope ya Yesu wojambulayo itadzaza kanema yense. Ndinkayesa kuti a Vitalis aseka, kapena ayambanso kufotokoza kuti linali sewero. Koma anayenda pang'onopang'ono, nagwada pa simenti patsogolo pa kabati ya kanema, thupi lonse lija.

"Pepani, Ambuye," anatero.

Munthuyu ndamuonera akusewera zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti apa sankasewera. Misozi inali mbwembwembwe. Angel anatsika pamiyendo pa mayi ake, nakaika khutu pa galasi la kanema, n'kumvetsera.

"Akuti chabwino," anatero. "Koma musadzabwerezenso."

A Vitalis anayang'ana akazi awo, a Idah anayang'ana pansi. Tonse tinkadziwa chimene mawu amenewo ankawalanda. Wina akanangoti eya, podziwa kuti mwana adzakhala ataiwala Pasaka wina asanafike. Koma iwo kwa mwana sanama, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero asilikali amawatsogolera ndi munthu wina.

"Sindidzabwerezanso, amayi," anamuuza mwana wawo.

Angel anawayandikira akadali chogwada, nagwira m'munsi mwa diresi lake la Pasaka, n'kuyamba kuwapukuta kumaso, akuwakalipira kuti akuluakulu salira.