Chingwe cha pa Bwalo la Ngabu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, thonje litangotha kugulidwa pa Ngabu, pamene kunamveka uthenga woti pabwalo la sukulu pakhala chionetsero cha luso la m'midzi. Ana anga amandiseka kuti ndimasunga pepala lililonse, ngakhale la kuchigayo. Nzoona, ndipo sindipepesa. Koma pepala la pansi penipeni m'sutikesi yanga ndi la tsiku limenelo, ndipo ndikaligwira mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo.

Amalume anga, a Zuze, anali oimba ulimba, umene anzathu a Chisena amati valimba. Anaupanga okha: timatabwa ta mlombwa toyalidwa pamzere, pansi pake zipanda zazikulu ndi zazing'ono, chilichonse chili ndi kabowo komatapo kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Ulimba saimba munthu mmodzi. Amakhala atatu, aliyense akumenya m'mipata imene mnzake wasiya. Amalume ankakhala pakati, mnzawo a Khembo kumawu aang'ono. Wachitatu atapita kukagwira ntchito kuminda ya nzimbe, amalume anandikhazika ine kumawu aakulu, ndipo ndinagwira msanga.

Bambo anga sizinawasangalatse. Anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa iwo ulimba unali chinthu cha pamowa ndi pamaliro. Tsiku lina anawapeza amalume akukonza zipanda pakhonde.

"Alamu, mwanayu mundibwezere. Akugona m'kalasi."

"Mwanayu ndi mbumba yanga, alamu," anatero amalume osadzutsa mutu.

"Mbumba ndi yanu, koma yunifolomu ndagula ndine."

Amalume anaseka, kenaka anati: "Chabwino. Mubwere ku chionetsero. Kumeneko kulibe mowa, ndipo ndi masana. Mukaone momwe anthu amauyankhira ulimba. Mukapanda kukhutira, mwana ndi wanu, sindidzamuitananso."

Bambo anavomera. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamva zonse. Sindinachite mantha, chifukwa ndinkadziwa zimene zimachitika amalume akaimba.

Pano ndifotokoze, popeza achinyamata ambiri sadziwa. Amalume sankayamba nyimbo ndi mphamvu. Ankayamba pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo, ndipo ankati kumeneko ndi kufunsa bwalo. Ankabwereza mpaka wina mwa omvera atayankha: alowe pakati, aponde pansi, aike pafupi ndi zipanda chimene wabwera nacho, kaya dzira, kaya mapira m'kachikho, kaya fodya. Ndiko kufupa. Pamenepo amalume ankamutchula munthuyo dzina m'nyimbo, ena nkulowa, fumbi nkudzuka, ndiye manja athu nkuthamanga. Ankakonda kunena kuti ulimba wopanda fumbi ndi nkhuni.

Tsikulo tinanyamula ulimba pangolo kusanatenthe. Pabwalo panali pokongola, sindinganame. Amayi anayala miphika ndi mitsuko, ena mikeka ya mlaza, abambo madengu, mipini ndi mitondo. Fungo la nsomba zowamba linkachokera kumbali ya msika. Koma pakati pa bwalo, pamene timayenera kuimbira, anali atakhoma mitengo ndi kumangapo chingwe cha khonje kuzungulira. Mbali imodzi kunali chisakasa cha alendo olemekezeka. Anthu wamba anali kunja kwa chingwe, ndipo anyamata a ndodo ankayendayenda kuwalondera.

Mlembi wa komiti, bambo wa malaya oyera ndi wezulo pakhosi, anatiitana oimba tonse. Anati palibe kuvina chifukwa fumbi livutitsa alendo. Anati palibe kufupa chifukwa kuno si kopemphetsa, ndipo aliyense alandira satifiketi. Wezulo ikalira, gulu lichoke, lina lilowe.

"Nanga bwalo tilifunsa bwanji?" anafunsa amalume.

"Bwalo lavomera kale, achimwene. Dzina lanu lili papulogalamu."

Tinadikira padzuwa la kuno kwathu, lija limapsereza ngakhale mthunzi. Alendo anayankhula, wina pambuyo pa mnzake, aliyense akuyamikira luso la makolo. Amalume anafunditsa zipanda ndi thumba lonyowa kuti zisang'aluke. Ndinawaona bambo ataima pansi pa mtengo wa nimu, atagwira njinga yawo, chipewa chili pamphumi. Anabweradi, monga analonjezera.

Nthawi yathu inakwana dzuwa litapendeka. Amalume anayamba kufunsa bwalo. A Khembo analowa, ine ndinalowa. Mawu anatuluka bwino, ndipo ndinaona mapewa a anthu kunja kwa chingwe akuyamba kugwedezeka. Pamenepo a Nyakhuwa, mayi wonenepa wogulitsa nsomba amene ankatsegula bwalo pafupifupi paliponse pamene taimba, anamanga nsalu m'chiuno, natenga mlamba wouma m'dengu lawo, nawerama kuti adutse pansi pa chingwe. Mnyamata wa ndodo anawatsekera.

"Mayi, bwererani."

"Iwe ndiwe mwana wa yani? Zuze akuitana, ndimuyankhe ndili kuno?"

"Ndi lamulo, mayi."

"Lamulolo limavina? Liuze lilowe ndiye!"

Anthu anaseka, koma mnyamatayo anawakankha ndithu, ndipo anzake anabwera kudzamuthandiza. A Nyakhuwa anaima kunja, nsomba ili m'manja, akutukwana m'Chisena. Amalume anawayang'ana, nabwereza kuitana kuja. Anabwerezanso. Ine ndinkamva manja anga akufuna kuthamanga, koma panalibe pothamangira, chifukwa nyimbo inali isanatsegulidwe. Tinangozungulira pakhomo pomwepo. Kenaka wezulo inalira. Alendo anaomba m'manja mwaulemu, ngati momwe amaombera mwana akalakatula ndakatulo.

Tikukweza ulimba pangolo, bambo anafika ndi njinga yawo.

"Ndaona, alamu."

"Nkhabe, ayi ndithu, alamu. Simunaone kanthu."

"Ndi zimene ndikunenazo," anatero bambo.

Sanakalipe, ndipo sanaseke. Amalume akanatha kukangana nawo, popeza mwini mbumba anali iwo, koma anali munthu wosabweza mawu ake. Mlembi atabwera ndi satifiketi, anailandira ndi manja awiri, nadzikupiza nayo pang'ono, kenaka nandipatsa. "Tenga iwe wodziwa kuwerenga. Ine ndikaimata pachipanda siilira."

Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso. Chaka chotsatira ndinapita kusukulu yogonera komweko, ndipo pambuyo pake ndinakhala kalaliki kwa moyo wanga wonse wa ntchito. Wachitatu wina sanapezeke. A Khembo atamwalira, amalume anapachika ulimba kudenga, ndipo chaka china madzi osefukira anautenga pamodzi ndi nyumba. Iwo anatsatira posakhalitsa. Nyimbo zawo sanazisiyire munthu.

Bambo anga sindiwaimba mlandu. Anaweruza zimene anaona, ndipo zimene anaona zinali amuna awiri ndi mwana akugogoda matabwa pabwalo lopanda munthu. A komiti aja nawonso sanali oipa mtima. Ankafuna kuthandiza, ndipo amayi a miphika anathandizikadi, anagulitsa pafupifupi zonse. Koma taonani chifukwa chake: pamiphika panalibe chingwe. Munthu ankautola mphika, kuugogoda ndi chala, kumva kulira kwake, kutsutsana ndi mwini wake. Oimba okha ndiwo a komiti anawaika patali ngati ng'ombe za pamsika, nkuwachotsera anthu amene luso lawo limadalira. Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero nchakuti palibe anawafunsa amalume kuti ulimba umafuna chiyani. Anafunsa alendo kuti akufuna kukhala pati.

Masiku ano zionetsero zabwereranso, ndipo ndi zabwino, ndimapita. Ndimakwera kabaza mpaka pa Ngabu. Kuli zokuzira mawu, kuli achinyamata ojambula zithunzi ndi oluka zipewa, ena amapezerapo oda. Koma chingwe chilipobe, changosintha mtundu, tsopano ndi cha nayiloni. Zoyankhula zilipobe. Ndalembera makomiti makalata ambiri, makope ake ndili nawo, ndipo mayankho ake onse amayamba ndi kundithokoza.

Ulendo wapitawu kunabwera anyamata atatu a ku Tengani ndi ulimba wawo. Atayamba, ndinamva kuti akufunsa bwalo, kaya anaphunzira kwa yani. Ndinayang'ana anthu, onse atakweza mafoni, palibe wosuntha. Ndinagula mazira awiri owiritsa kwa mtsikana amene anali pafupi nane, ndinawerama ndi ndodo yanga, ndinadutsa pansi pa chingwe. Mnyamata wolondera anathamanga.

"Agogo, kumeneko nkoletsedwa!"

"Ndikankhe, mdzukulu wanga, anthu aone."

Sanandikankhe. Ndinaika mazira pafupi ndi zipanda, ndinaponda pansi monga mawondo anandilolera. Wapakati uja anafunsa dzina langa, nalilowetsa m'nyimbo. Amayi angapo analowa pambuyo panga, fumbi linadzuka, ndipo manja a anyamatawo anathamanga. Mlendo wolemekezeka anatsokomola, koma sanafe.

Ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa pang'ono ndi wachisoni kwambiri. Zinali zophweka chonchi. Akanangowalola a Nyakhuwa kudutsa ndi mlamba wawo, bambo akanaona chimene anaitanidwira. Sindikunena kuti akanasintha maganizo, sindikudziwa. Koma akanakana chinthu chimene achiona.

Tsopano ndikumvetsa kuti woimba sathandizidwa pomuonetsa. Amathandizidwa pomuyankha. Satifiketi ya amalume ndili nayo, yosapindika, chiswe sichinaikhudze, chidindo chikuonekabe. Nthawi zina ndikatseka sutikesi ndimagogoda pachivundikiro chake gawo langa lija la mawu aakulu, popeza manja sanaiwale. Mdzukulu wanga wina anandimva, nandifunsa kuti ndi nyimbo yanji yodukaduka chonchi. Ndinamuuza kuti siyodukaduka. Mipatayo ndi ya a Zuze ndi a Khembo.